A Gondwe, Mkamwini Wolawa Madzi

Ndiyambe ndi kupepesa. Si ine woyenera kulemba za munthu wamkulu. Sukulu yanga ndi yapamudzi pompano, ndipo sindinapite nayo patali. Pagulu ndimakhala kumbuyo, akandifunsa kanthu mawu amandithawa. Choncho inu amene munawadziwa a Gondwe ine ndisanabadwe, mukapeza pamene ndalakwitsa mundikonze mofatsa. Ndalemba zimene ndinaona, ndi zimene amayi anga ndi anzawo otunga nawo madzi anandiuza.

Chandilimbitsa mtima n'chakuti mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikire m'manda. Pamaliro awo mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya mizere itatu: anabadwira kumpoto, chakumalire a boma lathu la Kasungu, anabwera kuno kudzagwira ntchito ya fodya n'kukwatira, amwalira atadwala chifuwa masabata awiri. Basi. Kwaya inaimba, anthu ananyamuka. Palibe anatchula madzi. Chonsecho madzi amene tinaphikira pamaliropo, ndi amene amuna anasamba pochokera kumanda, anali a pa Katope, ndipo pakadapanda a Gondwe madzi amenewo sakadakhala oti munthu n'kuika pakamwa.

Pa Katope ndi pakasupe wathu, kumutu kwa dambo. Amene simunafikeko kuno mudziwe kuti dziko lathu ndi lathyathyathya, lopanda mthunzi. Mitengo inathera m'zigafa ndi m'mabani a fodya kalekale. M'mwezi wa Okutobala ukaima pachulu umaona minda yofiira mpaka kumene maso alekezera, mpweya ukuvina pamwamba pake ngati utsi wopanda moto. Pakati pa zonsezo pali kachigamba kamodzi kobiriwira, kokhala ngati kanagwa kuchokera kudziko lina: mitengo ingapo ya katope, mkuyu umodzi, bango ndi nsenjere. Pansi pa katope wamkulu madzi amatumphuka mumchenga woyera, akutembenuza timiyala pang'onopang'ono, ngati chifuwa cha munthu amene ali m'tulo. Mjigo ulipo kusukulu, koma madzi ake ndi amchere: nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, tiyi amakhala ngati mwagwera phulusa. Madzi akumwa a midzi itatu ndi a pa Katope.

Pambali pa kasupeyo pali mwala wosalala. Chiyambire pamene ndinayamba kusenza ndowa, mpaka pamene a Gondwe anadwala, sindikumbukira m'mawa umene ndinapeza mwalawo uli wopanda munthu, kupatula umodzi umene ndinene kutsogoloku. A Gondwe ankafika nkhungu ya m'dambo isanachoke, atavala jekete lawo lopanda mabatani, n'kukhala pamenepo. Panthambi ya katope pankapachikidwa chikho. Ankachitsitsa, n'kutunga pang'ono, n'kuika madziwo m'kamwa. Sankameza. Ankatseka maso, mutu utapendekeka, ngati akumvetsera nyimbo yochokera kutsidya. Ife tinkaima pamzere ndi ndowa zathu, tili chete, achule okha akuyankhula. Kenako ankameza n'kunena m'chiyankhulo cha kwawo kuti, "Maji ghali makora." Ndiye kuti madzi ali bwino, tungani.

Masiku ena ankalavula. Ankanena kuti wina watentha tchire kumtunda, kapena ng'ombe zagona m'bango, kapena mwana wina wakodza pamene sayenera. Achinyamata ankapita kukaona n'cholinga choti adzawaseke, koma ankabwerako ali zyoli.

Ankati madzi sabisa kumene agona. Ankatinso kasupe si chitsime choti munthu anakumba yekha, koma ndi mlendo woyenda pansi pa nthaka kuchokera kutali, ndipo mitengo ndi udzu zakumtunda kwake ndiye chofunda chake. Ukamuvula amasamuka osatsanzika. Za nkhanu zokhala pansi pa mizu ankati ndi alonda: tsiku limene tidzaziona zikutuluka masana n'kulowera kumunsi, tisadzamwe.

Malamulo awo sanali ambiri, koma sankapindika. Mphika wamwaye usafike pakasupe. Ndowa isamizidwe, tunga ndi chikho, thira m'ndowa, bweza chikho panthambi. Sopo akathere kudziwe la zochapira, kumunsi. Atabwera a zaumoyo ndi mankhwala othira m'madzi, anthu ankaganiza kuti a Gondwe akwiya. Sanatero. Anatiuza kuti lilime lawo limamva utsi, ndowe ndi feteleza, koma tizilombo topha ana silitimva, ndiye a zaumoyowo tiwamvere ndipo mitsuko tizivundikira.

Mkangano umene anthu amaukumbukira akuseka ndi wa matumba. Zaka za makuponi zitafika, matumba a feteleza anakhala chuma chachiwiri: tinkasoka zoyanikira ufa, zitseko za bafa, zikwama zakusukulu. Koma thumba limafuna kulitsuka. Tsiku lina a Nachisale, mayi wa pakamwa pothwa amene amatsogolera nyimbo pamaliro, anatulukira ndi thumba m'khwapa.

"A Nachisale, thumba limenelo likupita kuti?" anafunsa a Gondwe.

"Kukakwatiwa, agogo. Lapeza mwamuna."

"Likakwatiwire kudziwe la zochapira. Kuno yayi."

"Aa, inunso a Gondwe! Feteleza amanenepetsa chimanga. Mwina tikamwako pang'ono nafenso tiyamba kuoneka. Taonani timikono tangati."

"Imwani, mumere ngayaye pamutu, amuna anu adzakuthyoleni."

Mzere wonse unaseka, a Nachisale n'kutsetserekera kumunsi akung'ung'udza. Koma masana ena a Gondwe ali kuganyu, a Nachisale anaona kuti kudziweko kwatalika, anatsukira matumba anayi m'mphepete mwa kasupe. M'mawa mwake a Gondwe analavula. Patapita masiku ndere zobiriwira zinaphimba mchenga woyera uja, nkhanu osaonekanso. A Gondwe sanatchule dzina la munthu. Anavula jekete, analowa m'madzi, anayamba kukapa ndi chikho, kuzula ndere ndi manja. Anakapa tsiku lonse. Tsiku lachiwiri a Nachisale anabwera osapatsa munthu moni, anamanga chitenje m'chiuno, analowa nawo. Kuyambira pamenepo munthu wobwera ndi thumba ankabwezedwa ndi a Nachisale a Gondwe asanatsegule pakamwa.

Tsopano ndinene chimene chinkapangitsa zonsezi kukhala zovuta. A Gondwe analibe ngakhale phazi limodzi la nthaka yawoyawo. Anali mkamwini. Akazi awo, a Nambewe, anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo mwana wamoyo analibe. Mwambo unkati atameta maliro asudzulidwe, abwerere kwawo. Iwo anapempha kuti akhale, poti kwawoko owadziwa anali atatha, ndipo achibale a malemuwo anawasiyira kanyumba ndi kamunda ka akazi awo. Malo onse akumtunda kwa kasupe, pamodzi ndi mitengo ya katope, anali m'manja mwa a Lufeyo Mbewe, mlongo wake wa a Nambewe, mwini mbumba. Munthu amene ankatilamula za chikho ndi sopo analibe ulamuliro ngakhale pa tsamba limodzi la mitengo imeneyo.

A Lufeyo ndisawanamizire. Si munthu woipa. Pakhomo pawo panali ana awo ndi ana amasiye a mbumba, ndipo fodya ndiye ankaveka onsewo. Malo awo akale a nazale anali atatopa, mbande zikutuluka ndi mizu yamfundomfundo. Aliyense wolima fodya amadziwa kuti nazale imafuna nthaka yatsopano, yakuda, yapafupi ndi madzi, ndipo nthaka yotero m'mudzi monse inatsala pamalo amodzi: pansi pa mitengo ya katope. Mitengoyo ikadawapatsanso mphanda za chigafa. Koma nazale imabwera ndi moto wotenthera mabedi, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo zonsezo zikadatsikira mumchenga umene timamwa.

Mayina a olandira makuponi ankawerengedwa pabwalo la sukulu m'chilimwe, nthawi yomweyo yokonza nazale; timapepalato tinkabwera pambuyo, mvula ili pafupi. Chaka choyamba dzina la a Gondwe linatuluka, poti anali nkhalamba yokhala yokha. La a Lufeyo silinatuluke. Madzulo a tsikulo a Gondwe anapita kwa alamu awowo, n'kuwapeza akunola nkhwangwa pakhonde. Amayi anga anali pomwepo, akuswa mtedza ndi akazi a a Lufeyo, ndiye anamva zonse.

"Alamu, nkhwangwa yanu ikumveka mpaka kwathu."

"Ikulira njala, alamu. Ikufuna katope."

"Katope uja ngwa maji."

"Ngwa a Mbewe. Anamera m'munda mwa amayi anga. Inu munafika kuno ndi kachikwama ka m'manja ndi supuni imodzi. Mkamwini asamakule mwendo."

"Mwendo wanga ndi uwu, taonani, ngati wa nkhuku. Koma dzina langa latuluka. Makuponi akabwera, wokulitsa ndi wobereketsa, onse awiri ndi anu. Kumtunda kwa maji kukhale momwe kuliri."

A Lufeyo akuti anaika nkhwangwa pansi.

"Nanga inuyo mudya chiyani? Katope?"

"Zipatso zake ana amadya, sindinamve kuti wafa."

"Chaka chino chokha, alamu."

Mawu amenewo, chaka chino chokha, a Lufeyo anawanena chaka ndi chaka. Ndipo chaka ndi chaka makuponi akabwera a Gondwe ankawapinda bwinobwino, kuwaika m'thumba la jekete, n'kukawasiya pakhonde lija. Kamunda kawo kankadziwika patali. Pakati pa chimanga chakuda bii cha anthu ena, chawo chinali chachikasu, chofika m'chiuno. Ankatola ndowe za mbuzi ndi masamba n'kumakwirira m'mayenje, koma nthaka yolimidwa fodya zaka zambiri siimva msanga. Pofika Januwale ankadya nkhwani wopanda chotsira. Jekete lija linayamba kuoneka ngati lapachikidwa pamsomali. Kumowa ankawatcha chitsiru chogula mthunzi ndi feteleza. Ife tinkamwa madzi, kuthokoza Mulungu, osafunsa zambiri. Ndikulemba zimenezi ndi manyazi.

Ndiye chinafika chaka chimene dzina lawo silinatuluke. Mayina anali atachepa m'midzi yonse. A Gondwe anakhala pabwalopo mpaka wowerenga atapinda mapepala. Anapita n'kuvula chipewa, kupempha kuti awaonerenso, mwina alembedwa ndi dzina lawo loyamba, Simiyoni. Munalibe. Akutembenuka anakumana ndi a Lufeyo.

"Ndiye kuti chaka chino golosale yatsekedwa, alamu," anatero a Lufeyo. Ankafuna kuseka, koma kusekako sikunatuluke.

Loweruka lotsatira tinapeza milu ya mapesi itaunjikidwa kumtunda kwa kasupe, zingwe za mabedi zitakokedwa, nkhwangwa itatsamira katope wamkulu. A Gondwe analawa madzi monga mwa masiku onse, anati ali bwino, anapachika chikho. Kenako anakwera kamtundako pang'onopang'ono. Ife tinasiya kutunga.

"Alamu, muli ndi malo ena aja kumunsi, kupitirira dziwe la zochapira. Nawonso sanalimidwepo nazale."

"Pamchenga paja? Pamamwa ngati ng'ombe yochokera kungolo. Komanso n'kutali. Athirira ndani? Ana ali kusukulu, ine msana ndi uwu."

"Ndithirira ine."

A Lufeyo anaseka mpaka kugwira m'mawondo.

"Inu? Makheni awiri, m'mawa ndi madzulo, mpaka mvula igwe? Mukufuna mlongo wanga adzandifunse kumandako kuti mwamuna wake ndinamuphera chiyani?"

"Mukamuuze kuti ndinafuna ndekha. Bedi limodzi likauma, bwerani mudzadule katope. Sindidzayankhula."

A Lufeyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana ife amayi ndi atsikana tili duu ndi ndowa zopanda kanthu. Anatola nkhwangwa yawo.

"Chaka chino chokha," anatero, koma motsitsa.

Ndikatseka maso ndimaziwonabe. Dzuwa la Seputembala likutuluka lofiira ngati chikuni, fumbi litaima m'mwamba osagwa, ndipo pakanjira kotsikira kumchenga nkhalamba ikuyenda ndi makheni awiri, mapewa atagwa. Makheniwo anali akale, ankadontha. Patapita masabata awiri m'mbali mwa kanjirako munamera mizere iwiri ya udzu wanthete, kumanja ndi kumanzere, kuchokera pakasupe mpaka panazale. Dziko lonse linali lotuwa, koma njira ya a Gondwe inali yobiriwira. Mbuzi zinkawatsatira pambuyo, agulugufe oyera akutera pamene madontho agwa. Munthu ukawaonera patali, mpweya wotentha ukuvina, ankaoneka ngati sakuponda pansi. Maulendo awo sindinawawerenge. Ndikudziwa kuti tikamabwera m'mawa tinkawapeza atayamba kale, ndipo tikamabwera madzulo tinkawasiya akupitiriza.

Mbande zinamera, zinaphimba mabedi ngati nsalu. Sabata yachitatu, m'mawa wina, tinapeza mwala uja uli wopanda munthu, chikho chili panthambi, chouma. A Nachisale ndi amene anawaona. Anali atakhala pakati pa kanjira, kheni imodzi itagubuduka, madzi akulowa mumchenga. Sanakomoke. Miyendo yokha ndi imene inakana.

"Dzukani, agogo! Mukufuna tikuikeni m'manda ndi makheni?"

"Ndikungopuma, mama. Bedi lakumapeto silinamwe."

"Silinamwe! Inu mwadya?"

A Gondwe anatambasula dzanja kufuna kudzutsa kheni ija. A Nachisale anaima atagwira m'chiuno, akuyang'ana nkhalambayo, akuyang'ana mitengo kumtunda. Kenako anatembenukira kwa ife, mawu awo a pamaliro aja atatuluka onse.

"Amayi inu, ife tikumwa, munthu akufa. Zaka zonsezi takhala tikumwa feteleza wa munthu uyu osadziwa kukoma kwake. Kuyambira lero, aliyense womwa pa Katope, ndowa yoyamba ndi ya fodya wa a Lufeyo, yachiwiri ndiye yakunyumba. Amene sakufuna akamwe mchere kusukulu."

Anadzaza ndowa yawo, anasenza, anatsika. Amayi anga anatsatira. Tonse tinatsatira, mzere wautali wa ndowa pakati pa mizere iwiri ya udzu. A Gondwe tinawakhazika pamthunzi pafupi ndi nazale, ntchito yawo n'kukhala yothira madzi athuwo m'kheni ndi kutikalipira kuti tisaponde mbande. Madzulo ake mbale zinayamba kulowa m'kanyumba kawo, wina ufa, wina nyemba, popanda amene anapangana. A Lufeyo atabwera kudzaona mabedi anapeza amayi a midzi itatu akuthirira fodya wawo. Anavula chipewa, anachivalanso, anabwerera. Chaka chimenecho palibe bedi limene linauma.

Chinakhala chizolowezi. Chilimwe chilichonse nazale ya a Lufeyo inkakhala kumchenga, ndowa yoyamba n'kumapita kumeneko. Makuponi ankabwera chaka china, china osabwera, koma sanapitenso pakhonde lija. A Lufeyo ankanenabe kuti chaka chino chokha, ndipo ife tinkadziwa kuti chimene chikugwira dzanja lawo ndi nkhope ya mlamu wawo.

Chifukwa chimene a Gondwe ankachitira zonsezi anachinena kamodzi kokha, chaka chomwecho, mvula yoyamba itagwa, mbande zitawokeredwa. Tinabisala nawo mvula pansi pa mkuyu, ndipo anayamba kuyankhula ngati akuuza mvulayo osati ife. Anati ali mnyamata anali wodula nkhuni za mabani pa esiteti ina, ndipo panalibe womuposa. Pafupi ndi nyumba za antchito panali kasupe wonga wathuyu. Nkhuni zitatha kutchire, kapitawo analoza mitengo ya pakasupepo, ndipo waukulu kwambiri anaugwetsa iwowo, anzawo akuwaimbira. Chitsa chake chinatuluka madzi masiku angapo. Chilimwe chotsatira kasupe anachoka. Antchito onse anayamba kumwa padamu pamene pankamwa ng'ombe, pamene madzi a m'minda ya fodya ankathera. Mwana wawo woyamba ndi a Nambewe, wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda, anatsegula m'mimba masiku atatu. Anathera pamenepo a Gondwe, sanamalize. Anangowonjeza kuti nthawi imeneyo nkhwangwa yawo inali yakuthwa kuposa mutu wawo. Mvula itakata anadzuka n'kukalawa madzi.

Anadwala m'nyengo yozizira chaka chathachi. Amene ankawadwazika amati tsiku lina anapempha madzi, ndipo mtsuko unali utatha. Wina anathamangira kumjigo poti n'kufupi. A Gondwe anaika m'kamwa, analavula, anaseka mpaka kutsokomola. A Lufeyo anali atakhala pakhomo. Anadzuka, anatenga ndowa ya akazi awo, bambo wamkulu mwini mbumba, n'kutsika nayo pa Katope anthu akuona. Atabwera anawamwetsa okha.

"Nanga awa, alamu?"

A Gondwe anatseka maso nthawi yaitali, kufikira anthu anayamba kuyang'anana.

"Mwamiza ndowa," anatero. "Simunatunge ndi chikho."

"Munthu uyu adzandikalipira ali m'bokosi," anatero a Lufeyo, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Anamwalira patapita masiku awiri.

Titawaika, palibe amene ankanena, koma tonse tinkawerengera nthawi ya nazale. Mphepo ya Ogasiti inapita. Anthu anayamba kuunjika mapesi m'madimba. Pamzere wa pakasupe nkhani zinachepa, aliyense akuponya maso kumtunda. Ndiye m'mawa wina tinamva ngolo. A Lufeyo anatsika, nkhwangwa paphewa, khasu m'manja. A Nachisale anatula ndowa, anakaima kutsogolo kwa katope wamkulu.

"A Mbewe, munthu sanawole n'komwe."

"Chokani apo, a Nachisale, mundipatsa tsoka. Bwerani mudzandithandize kutsitsa katunduyu."

M'ngolomo munali ana a khonje, odzaza mpaka pamwamba. A Lufeyo anayenda kuzungulira mitengo yonse, bango ndi nsenjere, kukwera mpaka pamene pamayambira mizere ya munda wawo, n'kubwereranso m'mundamo mapazi angapo. Pamenepo anayamba kukumba. Nkhwangwa inali yosongolera zikhomo. Tinabzala nawo mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo amuna ena ataona anabwera ndi makasu. Mpanda utakumana, a Lufeyo anaitana a mfumu ndi akulu a mbumba yawo, n'kunena pamaso pa onse kuti m'kati mwa khonjemo si mwa a Mbewe, si mwa munthu aliyense, ndi mwa madzi, ndipo mwana wawo kapena mdzukulu wodzalowetsamo khasu adzakhale wakuba.

"Mkamwini uja wandilanda munda ali m'manda," anatero. "Anafika ndi supuni imodzi."

Kenako anatsika pakasupe, anatsitsa chikho, anatunga. Anaika madzi m'kamwa, anatseka maso, anapendeketsa mutu. Tinadikira. Anameza.

"Madzi basi," anatero. "Sindikumva kanthu. Munthu uja ankatinamiza."

Koma chikhocho anachibweza panthambi ndi manja awiri.

Dzulo ndinapita ndekha masana, nthawi imene kulibe anthu. Khonje wagwira, nsonga zake zafika m'mawondo. Kanjira kotsikira kumchenga kakadalipo. Chilimwe chikubwerachi ndowa yoyamba idzadutsanso pamenepo, koma mizere iwiri ya udzu ija sinamerenso, poti ndowa zathu sizidontha ngati makheni awo. Madzi akutumphukabe, akutembenuza timiyala tawo. Nkhanu imodzi inasuzumira pansi pa muzu n'kubwerera. Chikho chikulendewera pamalo pake, mphepo ikamawomba chimagunda nthambi, kho, kho, ngati munthu wopempha kulowa. Pamwala paja pagwera masamba a katope, ndipo palibe amawasesa, palibenso amakhalapo. Ngakhale ana amauzungulira. Pakati pake pali posalala kuposa ponse, polowa pang'ono, pamene mame amasonkhana. M'mawa timafika, timaima pamzere, ndipo woyamba amatsitsa chikho n'kukhala kaye kanthawi ali chete asanatunge, ngakhale kulibe woti anene kuti maji ghali makora.

Zimenezi ndi zomwe ndimafuna ziwonjezedwe pa mizere itatu ija. Ndipo ngati wina adzafuna kudziwa tsiku limene a Lufeyo analeka kunena kuti chaka chino chokha, linali Loweruka loyamba la mwezi wa Seputembala, chaka chathachi, a Gondwe atagona m'manda masabata asanu ndi awiri.